Masitazi ya masewera: kodi amakaphunzirako chiyani?

Mwezi wathawu tinali pa chinkhoswe ku Matawale pamene mwana wa achemwali anga, yemwe amaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Zomba, anatiuza kuti akufunafuna malo oti akachite masitazi, digiri yachiwiri, ya sayansi ya masewera. Alamu anga anaika kapu ya thobwa pansi n'kumuyang'ana. "Iwe mwana, mpira umafuna masitazi? Si wezulo ndi mapapo basi?" Anthu anaseka. Mwanayo anangoti, "Ababa, ndikakufotokozerani kunyumba."

Alamu si okha amene ali ndi funsoli. Timawerenga kuti Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, timamva kuti matimu a kunjako ali ndi akatswiri oyeza kathamangidwe ndi kadyedwe ka osewera, koma mwana wathu akati akufuna kukhala mmodzi wa akatswiriwo timaona ngati akufuna kukataya fizi. Chisokonezo chimayambira pa dzina: tikamva "masewera" timaganiza za kusewera. Wa masitazi sapita kukaphunzira kumenya mpira. Amakaphunzira kuyeza zomwe zimachitika m'thupi la munthu akamayenda, kuthamanga kapena kunyamula katundu, ndi kuyesa ngati zomwe makochi, aphunzitsi ndi madokotala amanena zili zoona.

Nthambi zitatu za mtengo umodzi

Pansi pa dzinali pali zinthu zitatu zomwe zimayendera limodzi koma si chinthu chimodzi. Choyamba ndi chomwe kusukulu timangoti PE, kaphunzitsidwe ka masewera olimbitsa thupi kwa ana. Ku pulayimale kwathu kuno phunziroli linalowetsedwa mu Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, magule ndi zojambula. Chachiwiri ndi sayansi ya masewera a mpikisano, yomwe funso lake ndi lakuti wosewera angafike bwanji pachimake osavulala. Chachitatu ndi sayansi ya kulimbitsa thupi pa nkhani ya umoyo: kuyenda ndi kugwiritsa ntchito minofu kumathandiza bwanji munthu wa BP, wa shuga, kapena agogo amene miyendo yayamba kufooka.

Pa digiri yoyamba munthu amalawa zonsezi. Pa masitazi, yomwe ndi digiri yachiwiri ndipo imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, amasankha nthambi imodzi n'kulowa nayo pansi. PhD imatenga zaka zitatu kupita m'tsogolo ndipo pafupifupi yonse ndi kafukufuku wa funso limodzi.

Kusiyana kwake ndimakumva bwino ndikaganiza za ulimi. Mlangizi amauza mlimi kuti abzale chimanga motalikirana chonchi, fetereza athire nthawi yakuti. Koma alipo wina ku Makoka, malo ofufuzira zaulimi cha ku Thondwe uko, amene anagawa munda m'tizigawo, apa mbewu iyi, apo mbewu ina, n'kuyeza zokolola pa sikelo asananene kanthu. Wa digiri yoyamba ali ngati mlangizi: amadziwa malangizo ndipo amatha kuwagwiritsa ntchito. Wa masitazi akuphunzira ntchito ya ku Makoka, kungoti munda wake ndi thupi la munthu.

Kukwera phiri la Zomba ndi maso a wofufuza

Nyamukani ku msika wa Zomba wapansi kulowera ku Ku Chawe. Musanafike patali mpweya wayamba kuperewera, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Chomwe chikuchitika ndi ichi: minofu imapeza mphamvu potentha chakudya, makamaka shuga ndi mafuta, ndipo moto umenewu umafuna okisijeni, monga mbaula imafunira kukupizidwa. Mapapo amakoka mpweya, magazi amanyamula okisijeni, mtima umapopa. Munthu akakhala pansi mtima wake umapopa pafupifupi malita 5 a magazi pa mphindi. Akamathamanga mwamphamvu umafika cha m'ma 20, ndipo wa akatswiri othamanga mitunda italiitali umapitirira 30.

Pali malire a okisijeni amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi, ngakhale munthu atalimbikira chotani. Malirewa amatchedwa VO2 max. Amene anayamba kuwafotokoza ndi A.V. Hill ndi Hartley Lupton ku England mu 1923, ndipo Hill ankadziyeza yekha akuthamanga. Amayezedwa m'mamililita a okisijeni pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa mphindi. Mnyamata wamba amapezeka cha m'ma 40, pamene akatswiri a mitunda italiitali amadutsa 70. Munthu wongokhala phee amagwiritsa ntchito pafupifupi 3.5.

Kuti ayeze molondola, munthu amavekedwa chophimba pakamwa ndi mphuno cholumikizidwa ku makina, n'kumathamanga pa lamba woyenda ndi magetsi mpaka atalephereratu. Makinawo ndi okwera mtengo. N'chifukwa chake mu 1968 dokotala wa asilikali a m'ndege ku America, Kenneth Cooper, anakonza njira yapafupi: thamangani mphindi 12, tiyeze mtunda womwe mwafika, n'kuwerengetsera. Wothamanga mamita 2,400 amakhala ndi VO2 max ya pafupifupi 42. Pamangofunika bwalo, tepi yoyezera ndi wotchi.

Apa ndiye pamene wa masitazi amasiyana ndi mnzake. Wa digiri yoyamba atenga wotchi, ayeza ana, alemba manambala. Wa masitazi afunsa kuti kawerengetsedwe ka Cooper kanachokera pa matupi a ndani. Yankho ndi lakuti pa amuna a m'gulu lankhondo la ku America. Nanga kangagwire chimodzimodzi pa mtsikana wa zaka 14 wa ku Jali, wothamanga opanda nsapato pa bwalo la fumbi mu Okutobala, amene mwina magazi ake ndi ochepa chifukwa wangochira malungo? Mwina inde, mwina ayi, ndipo kuti tidziwe pafunika wina ayeze. Chimodzimodzi lamulo lotchuka lija lakuti kugunda kwa mtima kwapamwamba kwambiri ndi 220 kuchotsapo zaka zako. Limathandiza, koma limatha kuphonya ndi kugunda 10 kapena kuposerapo mbali iliyonse. Mu 2001 ofufuza ena anabweretsa kawerengetsedwe kena, 208 kuchotsapo zaka zako zochulukitsidwa ndi 0.7. Kwa wa zaka 40 njira zonse ziwiri zimapereka 180, koma kwa wa zaka 60 ina imati 160, ina 166. Kwa munthu wodwala mtima amene dokotala wamuuza kuti asapyole mlingo, kusiyana kumeneku si nkhani yamasewera.

Tsopano tsikani phirilo. Kutsika kumaoneka kosavuta, simupuma mwaphuma, koma mawa lake ndi mkuja ntchafu zimawawa moti kukhala pampando kumafuna kugwira tebulo. Makochi ambiri angakuuzeni kuti ndi asidi wotsalira m'minofu. Asidi amene akunenayo, lakiteti, amachulukadi m'magazi munthu akamathamanga mwamphamvu, koma amabwerera mwakale pafupifupi ola limodzi mutapuma. Ululu wa mawa uja umafika pachimake pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, lakiteti atapita kalekale. Gwero lake ndi lina: potsika, minofu ya ntchafu imagwira mabuleki, ikukokedwa kwinaku ikulimba, ndipo izi zimaiwononga pang'onopang'ono m'kati mwake mpaka thupi liikonze. Ndiye chifukwa chake amene amatsika phiri tsiku ndi tsiku, ngati amayi a nkhuni aja, samva ululu womwe mlendo wa Loweruka amamva. Minofu ikazolowera kamodzi imadziteteza ulendo wotsatira.

Kodi phirili lingatipatse othamanga ngati a ku Kenya?

Funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo si lopusa. Pamwamba pa phiri mpweya umakhalabe ndi okisijeni 21 pa 100 iliyonse monga pansi, koma ndi wopepuka, moti kupuma kumodzi kumalowetsa okisijeni wochepa. Impso zikazindikira zimenezi zimatulutsa timadzi totchedwa EPO, tomwe timauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi ochuluka. Dziko linadzidzimuka ndi nkhaniyi pa Olimpiki ya 1968 ku Mexico City, mzinda womwe uli mamita 2,240 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Kipchoge Keino wa ku Kenya anapambana mpikisano wa mamita 1,500. Tauni ya Iten, kumene othamanga ambiri a ku Kenya amakonzekerera, ili cha pa mamita 2,400.

Mu 1997 Benjamin Levine ndi James Stray-Gundersen anafalitsa kafukufuku wotchuka: othamanga amene kwa masabata anayi ankagona pa mamita 2,500 koma n'kumatsika kukachita masewera pa mamita 1,250 ndi amene anapindula kwambiri. Kugona pamwamba kumawonjezera magazi, kuthamangira pansi kumalola liwiro.

Poyang'ana Zomba, mtima umadumpha: tauni ili pansi pa mamita 1,000, nsonga ya phiri yadutsa pang'ono mamita 2,000, ndipo msewu ulipo. Amene amakhulupirira maganizowa amaloza zimenezi. Okayika amati malo ogonapo anthu pa phiripo ali m'munsi mwa nsongayo, pamene phindu looneka limayembekezeka munthu akamagona cha pa mamita 2,000 kupita m'mwamba kwa masabata angapo. Amawonjezanso kuti anthu sapindula mofanana, kuti wosowa ayironi m'magazi sangapange maselo atsopano ngakhale atagona pamwamba, komanso kuti kupambana kwa Akenya kuli ndi mizu ina: unyinji wa achinyamata othamanga, makochi, ndi chiyembekezo cha ndalama. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Nkhani yotereyi ndi imene imasanduka mutu wa kafukufuku wa masitazi.

Bondo la wosewera ntchemberembaye

Gawo lina la sayansiyi limatchedwa bayomekanikisi, kutanthauza kuona thupi ngati makina a ndodo ndi zingwe: mphamvu ikulowera pati, ikutulukira pati. Mu ntchemberembaye wosewera saloledwa kuthamanga ndi mpira, ndiye amadumpha, kuwakha, n'kuima mwadzidzidzi, nthawi zambiri pa mwendo umodzi, ndipo m'masukulu mwathu pa simenti kapena pa nthaka youma gwa. Bondo likapindikira m'kati potera, mtsempha wa pakati pa bondo wotchedwa ACL ukhoza kuduka. Akazi amavulala motere kangapo kuposa amuna ochita masewera ofanana, ndipo kuchira pambuyo pa opareshoni kumatenga miyezi 9 kapena chaka.

Chosangalatsa n'chakuti kuteteza sikufuna makina. Pulogalamu ya FIFA 11+ ndi mphindi 20 zotenthetsa thupi asanayambe masewera: kuthamanga, kulimbitsa ntchafu ndi mimba, kuima pa mwendo umodzi, kuphunzira kutera bondo lili molunjika. Mu 2008 kafukufuku wa ku Norway pa atsikana pafupifupi 1,900 osewera mpira wa miyendo anapeza kuti matimu otsatira pulogalamuyi anachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Taonani mmene anachitira: matimu anagawidwa mwamaere, ena atsate pulogalamu, ena apitirize mwa masiku onse, kenaka n'kuwerenga ovulala nyengo yonse. Ndi tizigawo ta ku Makoka tija.

Dalaivala ndi kondakitala

Nthambi ya umoyo inayambira m'basi. Mu 1953 dokotala Jeremy Morris anafalitsa zomwe anapeza pa ogwira ntchito pafupifupi 31,000 a mabasi ndi zoyendera zina za mu London. M'mabasi osanjikiza aja dalaivala ankakhala pansi tsiku lonse, pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana potolera ndalama. Makondakitala ankadwala ndi kufa ndi matenda a mtima mocheperapo kwambiri. (Kondakitala wa minibasi ya Zomba–Limbe alibe masitepe, koma aliyense amene anamuonapo akuthamangira pasenja pa depoti avomereza kuti naye sakhala pansi.)

Otsutsa anafunsa funso labwino: bwanji ngati anthu onenepa ndi amene ankasankha udalaivala kuyambira pachiyambi? Morris anakatenga mabuku a mayunifomu n'kuyang'ana masaizi a mathalauza, ndipo anapeza kuti madalaivala analidi okulirapo m'chiuno ngakhale poyamba ntchito. Anapitiriza kufufuza mpaka zinaoneka kuti kunenepa pakokha sikunkafotokoza kusiyana konse. Ine ndimaona kuti nkhani ya mathalauzayi imafotokoza masitazi kuposa kabuku kalikonse ka yunivesite: zinthu ziwiri zikapezeka limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake, ndipo wofufuza ayenera kuyesa kugwetsa yekha mfundo yake anzake asanamugwetsere.

Kuchokera pa ntchito ngati imeneyi, bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake a 2020: wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri. Ana a zaka 5 mpaka 17 azifikitsa mphindi 60 pa tsiku. Kwathu nkhaniyi si ya azungu okha: kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera.

Koma pomwepo pabisala funso lina. Wakabaza wopalasa kuchokera ku Chinamwali mpaka m'tauni maulendo angapo, mayi wolima kuyambira mbandakucha, wosenza matabwa kutsika nawo phiri, onsewa amakwanitsa mphindi 150 tsiku limodzi lisanathe. Kodi ndiye kuti mitima yawo ndi yotetezedwa? Kafukufuku wa ku Ulaya waonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siipereka phindu lofanana ndi masewera a nthawi yopuma, mwina chifukwa imatenga maola ambiri popanda kupumula kokwanira ndipo BP imakhala yokwera nthawi yaitali. Akatswiri akutsutsanabe pa nkhaniyi. Anthu amene matupi awo angathandize kuyankha akudutsa pa msewu wa Namiwawa m'mawa uliwonse.

Zaka ziwirizo zimayenda bwanji

Gawo loyamba ndi la m'kalasi: kagwiridwe ntchito ka thupi, maganizo a wosewera, kadyedwe, kaphunziridwe ka luso la manja ndi miyendo, ndiponso phunziro lomwe ambiri salilota, masamu a ziwerengero. Wothawa masamu akathawira ku masewera amawapeza atamudikirira pakhomo.

Kenaka wophunzira amalemba pulopozo, chikalata chofotokoza funso lake ndi mmene aliyankhire. Chimapita ku komiti yoona kuti anthu oyezedwa asazunzike: avomere okha atamvetsa, makolo asainire ana, mayina abisidwe, ndipo wodwala mtima asathamangitsidwe popanda dokotala pafupi. Akaloledwa amasonkhanitsa manambala kapena mayankho a anthu, kuwasanthula, kulemba buku la zotsatira, n'kukaliteteza pamaso pa aphunzitsi amene ntchito yawo tsiku limenelo ndi kufunafuna pamene pakudontha. Si kafukufuku yense amene ali wa wotchi ndi sikelo. Wa nthambi ya PE akhoza kukhala m'kalasi miyezi ingapo akuonerera, kapena kucheza ndi aphunzitsi ndi ana, ndipo zimenezo zili ndi malamulo ake okhwima.

Kophunzirira, ndi funso la ntchito

Kuno kwathu, yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri yoyamba ya sayansi ya masewera, ndipo yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa mafizo, akatswiri othandiza ovulala ndi opuwala kuti ziwalo zibwerere mwakale. Mu Zomba muno muli University of Malawi ndi koleji ya aphunzitsi ya Domasi, kumene kumachokera ambiri mwa aphunzitsi a sekondale amene pambuyo pake amafuna kupitiriza. Ofuna masitazi amayang'ananso kumene maphunzirowa anazika mizu kale: Cape Town, Stellenbosch ndi Pretoria ku South Africa, Kenyatta University ku Nairobi, kapena Loughborough ku England.

Ntchito zake ndi kuphunzitsa m'makoleji, kulemba silabasi, kukonzekeretsa matimu, kugwira ndi mabungwe ngati Malawi National Council of Sports, FAM ya mpira wa miyendo ndi NAM ya ntchemberembaye, kuthandiza asilikali ndi apolisi pa zolimbitsa thupi, kapena kulowa m'mapulogalamu a zaumoyo. Palinso ntchito yolimbana ndi mankhwala oletsedwa, yomwe dziko lonse limayendera malamulo a bungwe la WADA lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. EPO yemwe impso zimapanga pa phiri uja, akabayidwa ndi jakisoni, ndi mlandu.

Amene amakayikira ali ndi mfundo zomveka. Timu yomwe ikuvutika kulipira osewera ndi kugula mafuta a basi siingaike wasayansi patsogolo. Makina oyezera ndi osowa, ndipo wophunzira kunja akhoza kubwera ndi luso lofuna zipangizo zomwe kuno kulibe, kapena osabwerako n'komwe. Amene amalimbikitsa amayankha kuti zambiri zothandiza, monga mayeso a Cooper ndi FIFA 11+, sizifuna magetsi, ndipo kuti UNESCO inalengeza kale mu 1978 kuti maphunziro a masewera olimbitsa thupi ndi ufulu wa munthu aliyense, pamene m'masukulu ambiri nthawi ya PE ndi imene imayamba kulandidwa mayeso akayandikira.

Mwana wa achemwali uja ndinakumana naye sabata yatha pa Mpondabwino akugula tomato. Ndinamufunsa kuti akufuna kukafufuza chiyani kwenikweni. "Amalume, atsikana anga akamafika Fomu 1 amalimbirana mpira. Pofika Fomu 3 ambiri amakhala pansi pa mtengo ati mutu ukuwawa. Ena akuti ndi yunifomu, ena akuti ndi kusowa pobisala posintha zovala akakhala kumwezi, ena akuti anyamata amawaseka. Aliyense ali ndi yankho lake koma palibe amene wakhala nawo pansi n'kuwerenga." Ndinafunsa ngati anawafotokozera bambo ake. Anati anawafotokozera usiku womwewo, mpaka nkhani ya mathalauza a madalaivala, ndipo alamu anamvetsera osadula mawu. Atatha anangofunsa kuti fizi yake ndi ndalama zingati, ndipo ngati kuli sikolashipu, mafomu atseka liti.